Prisca ndi Nkhumba za Mphakati

Mutu uno ndinafuna kuudumpha. Amayi anu ndi amene akana, akuti ngati ndikulemberani mbiri ya ntchito yanga, ana anga, ndilembe ndi zowawa zomwe, osati za phwando lotsazikana lokha. Ndiye werengani, koma musayembekezere kuseka kwambiri.

1986 mpaka 1999: Bundabunda

Ntchito ya ulangizi wa ziweto ndinaiyambira ku Bundabunda, ndili mnyamata wa ku Katete wosadziwa ngakhale moni wa Chisoli, chilankhulo cha kumeneko. Lole ya boma inanditula pamsewu ndi sutikesi, mbaula ndi njinga yakapalasa, dalaivala n'kundilozera nyumba yanga ndi mlomo. Nyumbayo inali ndi eni ake kale, mileme, ndipo sitinagwirizane mpaka pamene ndinasamuka. Anthu anayamba kunditchula ba dokota tsiku lomwelo, chikhalirecho udokotala wanga wonse unali jekeseni imodzi, mpeni ndi chingwe. Bwana wanga woyamba, a Mulenga, anali wamfupi koma wamawu ofika kutsidya kwa dambo. Ankabwera mwakamodzikamodzi kudzayang'ana dipi, dzenje lija losambitsiramo ng'ombe kuti nkhupakupa zife. Akatero ankadya nkhuku yanga n'kundiuza kuti mankhwala ali m'njira. Mankhwalawo anayenda m'njira zaka zambiri, ng'ombe zikufa. Kumeneko ndinaphunzira chinthu chimene kusukulu sanatiuze, chakuti mlimi sakwirira nyama. Chiweto chikadwala amachimalizitsa msanga, anthu n'kugawana, ndipo mlangizi amamva nkhaniyo mafupa atatha kutafunidwa ndi agalu. Ndinalalata, ndinaopseza, ndinachonderera, koma munthu amene wakhala miyezi osalawa nyama sumuuza za tizilombo tosaoneka ndi maso.

2000 mpaka 2011: Kufupi ndi mishoni

Anandisamutsira dera la kufupi ndi mishoni yakale, kumene ambiri a inu munakulira. Uku ntchito inali yosakaniza. Mbali imodzi kunali midzi ya alimi a Katolika, mbali ina minda ing'onoing'ono ya chaku Palabana yokhala ndi ng'ombe za mkaka ndi makola aakulu a nkhumba. Kenaka kunabwera anthu a mapuloti atsopano, ogwira ntchito ku Lusaka, amene ankandiimbira foni chifukwa galu wayetsemula. Anandipatsa njinga yamoto, koma mafuta ankabwera ngati mvula ya chilala, choncho nthawi zambiri ndinkayenda pa yakapalasa yomwe ija. Bwana wanga wa zaka zimenezi anali Mayi Chanda, dokotala weniweni wa ziweto, wamng'ono kwa ine koma wosasekerera zachibwana. Tinkakangana pafupipafupi, komabe ndinkawalemekeza chifukwa sankandinamiza. Kukakhala kulibe kanthu ankanena kuti kulibe, osati kuli m'njira.

2012: Prisca

Tsiku lina Loweruka ndikuthena mbuzi pabwalo la tchalitchi, ndinaona mtsikana wowonda, wovala siketi ya sukulu, ataima pafupi kwambiri mpaka mthunzi wake kunditchinga. Ndinamukalipira kuti achoke, izi si za ana. Sanasunthe.

"Ba dokota, nifuna kuphunzira nchito yanu," anatero.

"Iwe, uziba kuti nchito iyi ni ndowe na magazi chabe? Yenda ukankhale nesi, uzivala voyera."

"Manesi ni bambiri kudala. Ine nifuna viweto."

Ameneyo anali Prisca Mwale, wa giredi 10, mwana yekhayo wa mayi wamasiye wa mudzi wa kuseri kwa mishoni. Anali m'gulu la achinyamata a tchalitchi odzipereka, aja osesa kuchipatala, otungira madzi okalamba ndi kulimira odwala. Kusukulu anawauza kuti aliyense apeze munthu wa ntchito imene amaisirira, azimutsatira pa holide. Anzake anathamangira kuchipatala ndi ku maofesi a ku Chongwe kumene kuli mipando, iye n'kusankha nkhalamba yonunkha dipi. Ndinamuuza kuti abwere ndi amayi ake, poganiza kuti nkhani ithera pomwepo. M'mawa mwake anabwera nawo. Amake Prisca anali mayi wamtali, wosalankhulalankhula, wa manja olimba ngati a mwamuna. Anangoti, "Mutengeni ba Sakala, ni mwana wanu. Kapena azapezako tsogolo, ine nilibe chomupasa."

Ndinamuyesa mwankhanza, sindibisa. Tsiku loyamba ndinamupatsa mchira wa ng'ombe yotsekula m'mimba kuti augwire, ndipo ng'ombeyo inamusambitsa kuyambira pachifuwa mpaka kumapazi. Anapukuta ndi udzu n'kufunsa chifukwa chake ndowezo zinali ndi magazi. Kuyambira pamenepo ndinasiya kumuyesa, ndinayamba kumuphunzitsa. Loweruka lililonse ndi holide yonse ankandidikira pachipata, ine patsogolo iye pambuyo, njinga ziwiri. Anaphunzira kugwetsa ng'ombe ndi chingwe, kutemera nkhuku za chitopa, kudziwa nkhumba yodwala poyang'ana makutu ndi kaimidwe. Mafunso ake ankandiwawitsa mutu. Mwa inu ana anga obereka ndekha palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunapo kugwira mchira wa ng'ombe, ndipo sindikudandaula, koma mtsikana ameneyu ndinamukonda ngati wanga.

Nthawi imeneyo m'parishi munali ntchito ya nkhumba za kupatsirana. Mphakati uliwonse, kagulu ka akhristu oyandikana nyumba, unkasankha banja losauka n'kulipatsa nkhumba yaikazi. Ikaswa, banjalo linkapereka kamwana kamodzi kwa banja lina, nalonso n'kudzachita chimodzimodzi. Amake Prisca anali mwa oyamba kulandira. Nkhumba yawo inali yoyera, yaitali msana, yoswa ana ambiri, ndipo ndi imene inkasunga Prisca pasukulu. Mayiwo ankaisamala kuposa mmene ankadzisamalira okha, ankaiphikira gaga ndi maungu iwo akudya masamba. Ntchito yoyendera makola a kupatsirana ndinaisiya m'manja mwa Prisca ndi anzake, ndipo ankaigwira bwino. Agogo a m'midzi ankamutcha kadokota, ena n'kumusungira mbatata yootcha.

2013: Tsiku la kupatsirana

Tsiku lopatsirana linkachitika kamodzi pa chaka, anthu atakolola. Mwambo wake unali wakuti tiana tonse tankhumba tibwere kutchalitchi Loweruka, tigone m'khola limodzi kuseri kwa holo, Lamulungu ikatha Misa abambo mfumu atidalitse ndi madzi, ndiyeno dzina la banja lililonse lopereka liitanidwe pamaso pa mpingo wonse, anthu akuwomba m'manja. Mwambowu ndinkaukana chaka chilichonse. Ndinkati nkhumba ichoke khola ili kupita khola lija, nditaiona ndekha, osati kusonkhanitsa za midzi yonse pamalo amodzi. Akuluakulu a mpingo ankandiyankha kuti dalitso siligawidwa khomo ndi khomo. Choncho ndinkangoima pachipata cha kholalo n'kumayang'ana kamwana kalikonse kolowa, ndi kufunsa za kumene kachokera.

Chaka chimenecho sindinalipo. Mkulu wanga, atate anu aakulu, anamwalira ku Katete sabata yomweyo, ndipo ndinakhala kumaliro mpaka titasesa. Pachipata panaima Prisca. Anachita zonse zimene ndinamuphunzitsa, anayang'ana makutu, maso ndi pamimba, ndipo tiana tonse tinali tosalala, todya bwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Banja lina la mkulu wa mpingo linali litafedwa nkhumba ziwiri sabata imeneyo. Anazidya mwakachetechete ndi anansi awo, n'kutenga kamwana kamene kanatsala kobwera nako kutchalitchi, chifukwa anachita manyazi kuti dzina lawo liitanidwe iwo ali chimanjamanja. Prisca atafunsa ngati kwawo kuli bwino, bambo wa msinkhu wa agogo ake anamuyankha kuti kuli bwino. Mwana akanatani? Lamulungu masana achinyamata anamanga tiana tija m'matumba ndi m'madengu, n'kutiperekeza pa njinga m'midzi yonse akuimba nyimbo za kwaya. Kamodzi kanatsala chifukwa wolandira anali asanamalize khola, ndipo Prisca anakatenga kukasunga m'khola la amayi ake masiku angapo.

Nditabwerera ndinamupeza pachipata changa, nkhope itagwa.

"Ba dokota, tunkhumba tudwala. Kwa ba Zulu kafa, kwa ambuya ba Tisa nakonso kafa. Makutu yafiira, pamimba pali ngati bakatentha na moto."

Tinapita kwa a Zulu. Ndinang'amba kamtembo kaja ndipo nditaona m'kati mwake ndinazindikira. Chinali chigodola, matenda a nkhumba opanda mankhwala, opanda katemera, oyenda pa nsapato, pa thumba, pa nyama, ngakhale pa madzi otsukira mbale. Ndinaimbira Mayi Chanda pomwepo. Anabwera, anatenga zoti akayeze, ndipo yankho litabwera analamula zimene lamulo limanena: misewu itsekedwe, ndipo nkhumba zonse za m'makola amene munalowa tiana tija ziphedwe, zodwala ndi zamoyo zomwe, zitenthedwe n'kukwiriridwa.

Ogasiti 2013

Mawu anayenda msanga kuposa galimoto ya boma. Titafika m'midzi tinapeza makola ali pululu, atasesedwa bwinobwino. Aliyense ankati nkhumba zake zinafa kale, kapena sanawetepo nkhumba chibadwire. Katekisiti, munthu wodziwa dzina la ubatizo la mwana aliyense m'parishi, anaiwala mwadzidzidzi amene analandira tiana tija. Nkhumba zinali zitabisidwa m'madimba, m'mauvuni akale a njerwa ndi m'makwawa a kuphiri, ndipo ena anayamba kale kuzitulutsa pa njinga kupita nazo kwa abale akutali. Madzulo a tsiku lachiwiri Mayi Chanda anandiitanira pambali.

"Ba Sakala, uja mtsikana wanu aziba kwamene vili. Banzake ni bamene banathandiza kubisa."

"Madamu, uja ni mwana. Ise tizayenda, iye azasala pamunzi."

"Niziba. Koma matenda aya yakafika ku Palabana na kutsidya kwa msewu, tizapha nkhumba za boma yonse ino. Sinizamukakamiza. Imwe ndimwe mumuziba, sankhani."

Pa ntchito yanga yonse palibe chinthu chimene ndinachitembenuza m'mutu ngati chimenechi. Ndikamusiya mwanayo, matenda akanadutsa m'midzi ina yambiri ya amayi amasiye onga amayi ake, amene nkhumba ndiyo sopo, feteleza ndi sukulu. Ndikamufunsa, ndikumuika pakamwa pa anthu a kwawo. Amayi anu anandiuza kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, kodi akanakhala Dalitso wathu ndikanamutuma? M'mawa ndinapita kusukulu kumene achinyamata ankasesa, ndinamuitana Prisca, n'kumuuza zonse mosabisa. Ndinamuuza kuti akhoza kukana ndipo palibe angamukalipire, komanso kuti akavomera anthu adzamuda.

Anakumbakumba pansi ndi tsache. Kenaka anafunsa, "Tikavisiya vizapola?"

"Iyayi. Vizafa, na vinangu vambiri vizafa."

"Nine ninapeleka tuja tunkhumba. Banthu banali kunivinira." Anaika tsache pansi. "Malo yaja simungayapeze mweka, ni muthengo. Nizayenda naimwe."

Ndinamukhazika kutsogolo kwa galimoto, pakati pa ine ndi dalaivala, ngati kuti galasi lingamubise. Kumbuyo kunali wapolisi wa mfuti ndi anyamata aganyu ochokera ku Chongwe. Prisca ankangoloza ndi chala, apa khotani, apa imani, tsikirani kumtsinje. Dimba lililonse limene analoza tinapezamo nkhumba, zina zitafa kale, zina zikunjenjemera, zina zikudya bwinobwino. Tinkazikokera ku dzenje lalikulu limene tinakumbitsa kumapeto kwa dambo. Zipolopolo zinatha tsiku loyamba lomwe, zotsala anyamata ankazimaliza ndi kumbuyo kwa nkhwangwa. Dizilo nayenso anachepa, tinatenthera matayala akale ndi nkhuni. Kulira kwa nkhumba mumakudziwa, koma simunakumve kwa nkhumba zambiri pamodzi, pamwamba pake amayi akulira maliro enieni. Utsi wake unakhala m'zovala zanga mpaka ndinazitaya. Gogo wina, amene Prisca ankamutungira madzi chaka chonse, anafika pawindo la galimoto n'kumulavulira. Mwanayo anangopukuta ndi dzanja.

Malo amodzi okha sanaloze, ndipo ine sindinafunse. Ndinkadziwa kuti kamwana kaja kanagona m'khola la amayi ake, ndinkadziwanso kuti kholalo linali lopanda kanthu ngati ena onse. Ndinati mumtima, khoswe akakhala pamkhate sapheka, mwina anthu aiwala. Ndinali wopusa kuganiza choncho. Tsiku lomaliza anthu anadzaza padzenje, ndipo amene anayamba kufuula ndi mkulu wa mpingo yemwe uja wobweretsa matenda.

"Nanga ya bamake Prisca ili kuti? Ise batiphera, yao basunga! Ni chifukwa chake anali kuloza vathu!"

Khamu linayamba kuwira. Anyamata ena ankanena poyera kuti akatentha nyumba. Mayi Chanda anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi. Pamene ndinadzutsa mutu Prisca anali atatsika m'galimoto, akuyenda yekha kulowera kumadimba a kumunsi. Ndinafuna kumutsatira koma wapolisi anandigwira mkono, nati ndikachoka ine pano pachitika zoipa.

Anabwera nayo dzuwa litapendeka. Anaimanga chingwe mwendo wakumbuyo monga ndinamuphunzitsira, nkhumba ija ikuyenda patsogolo mwaulemu, mimba ili pansi, chifukwa inali pafupi kuswa. Kumbuyo kwake kunali amayi ake, opanda duku, akuthamanga n'kugwa, akudzuka n'kugwira chingwe. Mayi wosalankhulalankhula uja tsiku limenelo anamveka dambo lonse.

"Prisca, siidwala iyi! Ona mwamene iyendera! Prisca, nakupapatira, ndine amai bako! Uzadya chani? Uzaphunzira na chani?"

Mwanayo anali kulira, koma chingwe sanachisiye. Anafika pamaso panga n'kundipatsa. "Kaja kankhumba kanagona na iyi, ba dokota. Muziba." Ndinkadziwa. Sindinalole anyamata a nkhwangwa, ndinaibaya ndekha kuti isavutike, ndipo Prisca anaigwira mutu mpaka inaleka kuphupha. Amake Prisca anakhala pansi pa fumbi, anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali, n'kunena motsitsa mawu koma aliyense anamva, "Ine nilibe mwana."

Kumapeto kwa 2013

Matenda anathera pomwepo. Sanafike ku Palabana, sanaoloke msewu, ndipo Mayi Chanda anandiyamika pamsonkhano wa alangizi. Ndinkaganiza kuti mkwiyo wa anthu uzizira mvula ikagwa. Ine anandikhululukira msanga, chifukwa ndine wa boma ndipo ng'ombe zawo zinkandifunabe. Mkulu wa mpingo uja anapitiriza kuyendetsa mbale ya chopereka, nkhani yake aliyense akuidziwa. Zonse zinagwera mwana. Ankati ndiye anagawa matenda, ndiyenso anagulitsa anthu. Akafika pamjigo amayi ankachotsa zidebe zawo n'kudikira kuti achoke. Kukwaya benchi yake inkakhala ya yekha. Kunyumba amayi ake ankaphika, kumusiyira chakudya pakhonde, osamulankhula. Ndinapitako kangapo. Ndinapempha abambo mfumu, anapitako, ndipo analalikira za chikhululukiro Lamulungu lina, anthu n'kuvomera kuti amen. Amake Prisca ankandiyalira mphasa mwaulemu, kundimvetsera mpaka nditamaliza, kenaka n'kufunsa za umoyo wa amayi anu.

Ndinati mwanayo abwere azikhala kwathu amalize giredi 12, mukukumbukira tinakonza chipinda chaching'ono chija. Amalume ake anakana, akuti ba dokota atenga kale nkhumba, manje afuna kutenga na mwana. Khirisimasi isanafike anamutumiza kwa azakhali ake ku Lusaka, amene analonjeza sukulu. Sanabwere kudzanditsazika. Ndinamva kwa mnzake kuti anakwera minibasi ku Chongwe yekha, ndipo kwa azakhaliwo anakapeza ana oti alere, osati sukulu.

2022

Ndinapuma ntchito n'kukhazikika pa puloti yathu ino ya ku Chalimbana. Chaka chimenechi a parishi anandiitana ku tsiku la kupatsirana, limene linayambiranso patapita zaka. Masiku ano tiana sitisonkhanitsidwanso, abambo mfumu amayenda khola ndi khola, ndipo akuluakulu amanena zimenezi monyadira ngati nzeru yawo. Nkhumba zachuluka kuposa kale. Anandikhazika kutsogolo, anandipatsa tambala, wolankhula n'kunena kuti ba Sakala ndi amene anapulumutsa dera lino ku chigodola. Atandipatsa mpata ndinaimirira n'kunena kuti amene anakupulumutsani ndi Prisca Mwale, mwana wa sukulu amene munamuthamangitsa. Palibe anawomba m'manja. Mayi wina kumbuyo anafunsa mnzake mokweza kuti, "Uja anatiphera nkhumba?" Ndinapsa mtima, tambala ndinamusiya pampando.

Pobwerera ndinadzera kwa amake Prisca. Akalamba, koma khola lawo ndi la njerwa tsopano. Anandionetsa nkhumba imodzi imodzi, iyi yaswa kawiri, iyi ndi yaukali, iyi ndiigulitsa. Ndinadikira kuti atchule mwana wawo, sanatero. Nditamutchula ine anawerama n'kuyamba kutola zitsononkho.

Sabata yotsatira ndinakwera minibasi kupita ku Lusaka. Mnzake wa Prisca uja anandilongosolera msika umene amapezeka. Ndinamupeza kumbuyo kwa ogulitsa nkhuku zamoyo, pamene ogula amasiya nkhuku kuti awaphere ndi kuwasosolera. Anali atakhala pa chidebe, mwana kumsana, mgolo wa madzi otentha pambali, manja atatuwa ndi kutupa. Anandizindikira msanga, anaimirira n'kupukuta manja pachitenje, koma sanandipatse, anangogwada pang'ono.

"Ba dokota! Mwakalamba."

"Na iwe wakula, kadokota."

Anaseka pang'ono, nati dzina limenelo analiiwala. Anandipezera benchi. Anandiuza kuti ali ndi ana awiri, bambo wawo anapita, sukulu sanabwererenso. Sanadandaule, ankanena ngati akunena za munthu wina, manja akusosola. Ndinamuuza za mayeso a akuluakulu, kuti sanachedwe, kuti ine ndi amayi anu tikhoza kumuthandiza. Anati aganizapo, mwa kayankhidwe ka munthu wosafuna kukhumudwitsa wamkulu. Kenaka anafunsa za kumudzi, ngati anthu ayambanso kuweta. Ndinati ayamba, makola ali odzaza.

"Na amai bali nazo?"

"Bali nazo. Bamanga khola ya njerwa."

Nkhope yake inawala, ndipo kwa kanthawi ndinaona mtsikana wa pa njinga uja. "Chawama. Ninali kuopa kuti sibazakwanisa beka." Anaviika nkhuku ina mumgolo, anaitulutsa, n'kukhala ataigwira osaisosola. "Munabaona imwe mweka?"

"Ninabaona sabata yatha."

"Bananifunsako?"

Ndakhala ndikuuza alimi zinthu zowawa moyo wanga wonse osaphethira, koma izi zinandikanika. Bodza linali pafupi, liwu limodzi lokha, ndipo sindinathe kulinena kwa munthu amene sanandinamizepo. Ndinayang'ana nthenga zonyowa zimene zinali pansi. Iye anandiyang'ana, anamva.

"Basi ba dokota, musavutike," anatero.

Mayi wina wogula anali atayamba kale kufuula kuti nkhuku yake yachedwa. Prisca anakoka mwana kumsana kuti akhale bwino, anawerama, n'kupitiriza kusosola.